Kashopu ka fotokope pa Nchalo komwe anandithandiza kuwerengera GPA

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti nkhani ya GPA ija, nambala yosonyeza avereji ya mmene unakhozera ku yunivesite, ndinaithetsa bwanji, nde ndati bola ndingolemba kamodzi kusiyana nkumayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Ine ndimakhala ku Bangula, ndimagwira ntchito za ulimi wothirira konkuno, digiri ndinamaliza zaka zinayi zapitazo ndipo chaka chino ndinati ndiyeseko mwayi wa sikolashipu ya masters kunja. Dzina la shopu sinditchula chifukwa pali zina ndidandaulepo, koma ili pa Nchalo m'mbali mwa M1, ndi kachipinda kamodzi kokhala ndi makina a fotokope, pulinta ndi makompyuta awiri, mwini wake ndi achimwene ena a zaka za m'ma 30 amene amalembanso ma CV ndi makalata ofunsira ntchito.

Mavuto anayamba ndi kabokosi kamodzi pa fomu, akuti lembani GPA yanu pa sikelo ya 4.0. Ine transcript yanga, pepala la zotsatira za mayeso a ku yunivesite, kutsogolo kwake kuli mayina a makosi, ma credit, malikisi a peresenti ndi tizilembo tina tomwe sindinkatilabadira nkomwe, mawu oti GPA palibe paliponse. Nde ndinapita kaye pa stationery ina pafupi ndi kwathu, mnyamata wa pamenepo sanachedwe ayi, anatenga kalikyuleta, kuphatikiza malikisi onse, kugawa ndi kuchuluka kwa makosi, kunatuluka 66. Kenako akuti 66 tigawe ndi 100 titaimuse ndi 4, basi 2.64, asisi GPA yanu ndi imeneyi, K500. Ndinalipira koma mtima sunakhazikike. Usiku ndili gone pakhonde, pajatu mu Okutobala kuno m'nyumba simugoneka, ndinatsegula foni nkupeza kalikyuleta ina ya pa intaneti, nditaikamo 66 inandiuza kuti imeneyo ndi D, mapointi ake 1.0. Anthuni tulo tinathera pompo. Ine amene ndinatuluka ndi credit, amayi anga anavina pa graduation mpaka chitenje kumasuka, lero foni ikundiuza kuti ndine wa D? Udzudzu ukundidya uku, ine ndili kalikiliki kuyesa kalikyuleta ina ndi ina, iliyonse yankho lake lake.

Mnzanga wina amene amaphunzitsa ku sekondale cha ku Ngabu ndi amene anandiuza za achimwene a pa Nchalowa, akuti anamuthandizapo pa fomu yake. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, kudutsa Sorgin, Ngabu, Miseu Folo mpaka Nchalo, ndinafika cha m'ma 9 dzuwa litayamba kale kulusa. Ndinapeza mzere, ambiri anali anthu a kumunda wa nzimbe akupangitsa fotokope ziphaso zawo, mayi wina anali ndi kalata ya kwa amfumu ya malo, mwana wa sukulu akufuna kusindikiza mapepala akale a mayeso. Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu pa benchi panja, mthunzi wake wa lata, mukudziwa kale mmene lata amachitira kuno.

Nthawi yanga itakwana ndinafotokoza vuto langa nkuwapatsa transcript. Iwo sanagwire kalikyuleta, anangoliyang'ana pepalalo pang'ono nkundifunsa, "Asisi, pepala ili mwakhala nalo zaka zingati?" Ndinati zinayi. "Munayamba mwalitembenuzapo?" Atalitembenuza kumbuyo kwake kunali katebulo ka zilembo zing'onozing'ono zotuwa, kosonyeza kuti malikisi akuti mpaka akuti ndi chilembo chakuti, mapointi ake ndi akuti, pasi maki ndi 50. Zaka zinayi ndikulisunga mu envelopu pansi pa sutikesi kuopa chiswe ndi madzi, nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 ndinalikulunga mu jumbo nkulipachika kudenga, koma kumbuyo kwake ndinali ndisanawerengepo olo tsiku limodzi. Ndipo mafotokope onse amene ndakhala ndikutumiza pofunsira ntchito anali a kutsogolo kokha. Manyazi anandigwira koma achimwenewa anati ndisadandaule, ambiri amene amabwera pamenepo ndi chimodzimodzi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri nchakuti sanangondiwerengera nkundipatsa nambala ngati mnyamata uja, anatenga pepala lowonongeka pa pulinta nkuyamba kundiphunzitsa kumbuyo kwake ndi bolopeni. Anati tiyambe ndi manambala a ku America chifukwa ndi osavuta kusunga m'mutu, A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0. Masukulu ena kumeneko amaonjezera za pakati, A- ndi 3.7, B+ ndi 3.3, B- ndi 2.7, choncho. Koma mtima wa nkhani yonse ndi ma credit. Kosi iliyonse ili ndi kulemera kwake malingana ndi maola amene mumaiphunzira, nde kosi ya ma credit 4 singafanane ndi ya credit imodzi. Anandifunsa kuti ukagulitsa thonje mabelo awiri, lina lolemera makilo 80 la giredi yabwino lina makilo 20 la giredi yotsika, kodi ndalama zako umazipeza pongotenga avereji ya mitengo iwiriyo? Ndinati ayi umayang'ana makilo. Anati basitu, ma credit ndiwo makilo.

Chitsanzo chomwe analemba ndinachisunga, chili motere. Semesita imodzi makosi 5. Soil Science ma credit 3 mwapeza A, 3 kuchulukitsa ndi 4 ndi 12. Statistics ma credit 4 mwapeza C, 4 kuchulukitsa ndi 2 ndi 8. Communication ma credit 2, A, ndi 8. Irrigation ma credit 4, B, ndi 12. Ka practical ka credit imodzi, A, ndi 4. Mukaphatikiza mapointi onsewa akukwana 44, ma credit onse ndi 14, nde 44 kugawa ndi 14 ikubwera 3.14. Koma mukachita zachidule zija zongophatikiza 4, 2, 4, 3, 4 nkugawa ndi 5 mupeza 3.4, mwadzikweza nokha pabodza chifukwa ma A awiri mwa atatuwo ali pa timakosi topepuka pomwe C wakhala pa kosi yolemera. Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake anzathu ena ankalimbikira kwambiri project ya chaka chomaliza, ija imanyamula ma credit ambiri, ukaiponda bwino imakoka zonse, ukaiphonya imakugwetsa ngakhale timakosi tina tonse unakhoza.

Kenako anabwera pa CGPA, ija yophatikiza masemesita onse. Apanso anthu amalakwitsa, amatenga GPA ya semesita iliyonse nkupanga avereji. Anati tiyerekeze semesita yachiwiri munali ndi ma credit 20 ndipo GPA inali 2.5, ndiye kuti mapointi 50. Njira yolondola ndi kuphatikiza 44 ndi 50 kukhala 94, ma credit 14 ndi 20 kukhala 34, 94 kugawa ndi 34 ndi 2.76. Avereji yachidule ija ikupatsani 2.82. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa koma ngati fomu ikuti osachepera 2.8 ndiye kuti mmodzi walowa wina watsala pakhomo. Avereji yachidule imagwira pokhapokha ngati masemesita onse ali ndi ma credit ofanana.

Ine ndinalembapo sapu (mayeso olembanso ukalakwa) ya Statistics chaka chachiwiri, sindibisa, inandikhaulitsa kosi imene ija ndipo ndinkalota ndawidedwa, kuchotsedwa sukulu. Nditawauza anandifunsa kuti pa transcript analembapo maki iti, titayang'ana tinapeza 50 yeniyeni ndi kanyenyezi pambali. Anati eya, mayunivesite ambiri ukakhoza sapu amakupatsa pasi maki yokha olo utalemba bwino chotani, ena ukabwereza kosi amawerengera maulendo onse awiri, ena amatenga womaliza okha, nde osangoganizira, werengani malamulo a sukulu yanu. Tinalowetsa makosi onse a zaka zinayi mu Excel, ine ndikuwerenga mokweza iwo akutayipa, mzere wa ma credit, mzere wa mapointi malingana ndi katebulo ka kumbuyo kaja, mzere wochulukitsa. Pamapeto inatuluka 3.1. Osati 2.64, osatinso 1.0. Ndinapuma mpweya waukulu mpaka mayi amene amadikira pambuyo panga anaseka.

Nde ndinafunsa kuti nanga foni ija inkanditukwaniranji. Apa achimwenewa anamasuka, zikuoneka kuti nkhani imeneyi amaikonda. Anati makalikyuleta ambiri a pa intaneti anapangidwira ana a ku America, kumene nthawi zambiri A amayambira pa 90, B pa 80, C pa 70, D pa 60. Kwathu kuno ndani anaonapo 90 pa mayeso a ku yunivesite? Aphunzitsi athu akakupatsa 72 umayenda modzitukumula sabata yonse. Kachongedwe kathu kanatengera ku Britain, kumene First Class imayambira pa 70, Upper Second yomwe amaitchula 2:1 ndi 60 mpaka 69, Lower Second ndi 50 mpaka 59, Third ndi 40 mpaka 49. Ku South Africa distinction imayambira pa 75 ndipo pasi ndi 50. Ku Nigeria sikelo yawo imafika 5.0 ndipo First Class imayambira pa 4.5, ku India mayunivesite ambiri amagwiritsa sikelo ya 10. Ndiye munthu akangoti GPA yanga ndi 4.0 osanena sikelo sanakuuzeni kanthu, kwina ndi katswiri wotheratu kwina ndi wabwino chabe. 66 yanga yomweyi pa sikelo ya ku America ikuoneka ngati ndinapulumukira mkamwa mwa ng'ona pomwe pa ya ku Britain ili mkati mwa 2:1, ngakhale anandichenjeza kuti yunivesite iliyonse kumeneko ili ndi mndandanda wake wa mmene imaonera madigiri a dziko lililonse, nde ndisadzigamulire ndekha. Izi zinali zofunika kwa ine chifukwa Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imafuna digiri yofanana ndi 2:1 komanso zaka ziwiri za ntchito.

Ya ku Germany ndiye inandiseketsa, kumeneko zinthu nzotembenuka, 1.0 ndiye wapamwamba, 4.0 wangokhoza chabe, 5.0 walephera. Ife a MSCE sitingadabwe nazo, pajatu kwa MANEB 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 credit, 7 ndi 8 pasi, 9 walakwa, ndipo wa mapointi 6 pa maphunziro 6 ndiye amatchulidwa pa wailesi. Mayunivesite ambiri a ku Germany ali ndi kasamu kawo kotchedwa modified Bavarian formula, anandionetsa pa pepala lomwe lija. Umatenga maki yapamwamba kwambiri kuchotsera maki yako, kwa ine 100 kuchotsera 66 ndi 34. Kenako maki yapamwamba kuchotsera pasi maki, 100 kuchotsera 50 ndi 50. 34 kugawa ndi 50 ndi 0.68, kuchulukitsa ndi 3 ndi 2.04, kuonjezera 1 ndi 3.04. Ndiye kuti kumeneko ndili cha pa 3.0, yomwe si yonyadira kwenikweni, ndipo kasamuka kamatipweteka ife chifukwa kamawerengera ngati 100 ndi yotheka pomwe tonse tikudziwa kuti palibe mphunzitsi angaipereke. Achimwenewa sanandinamize kuti zili bwino, anangoti ku Germany makosi ena amafuna 2.5 kapena nambala yotsikirapo nde ndiziyang'ana kaye zofunika ndisanataye nthawi ndi bando.

Langizo lawo lalikulu, lomwe ndikuona kuti lokha likukwana ndalama yomwe ndinalipira, linali loti ndisamalembe nambala yodzisinthira ndekha ngati kuti ndi ya sukulu. Fomu ikapereka mpata lembani monga zilili pa transcript ndipo tchulani sikelo yake, sikanani mbali zonse ziwiri za pepala, ngati sukulu yanu silemba GPA pemphani kalata kwa registrar yofotokoza kachongedwe kawo. Mayunivesite ena a ku America ndi Canada safuna nkomwe masamu anu, amati mapepala adutse ku mabungwe ounika ngati WES, kumene mumalipira madola ndipo transcript imayenera kuchokera ku sukulu kwenikweniko osati m'manja mwanu. Anati nambala ya 3.1 ija ndi yoti ndidziwe pomwe ndaima posankha kofunsira, si chidindo.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo. Choyamba kutentha. Kachipindako kali ndi fani imodzi ndipo inalozetsedwa ku makina a fotokope osati kwa anthu, akuti makinawo akatentha amatafuna mapepala. Ndikumvetsa koma munthu kukhala maola awiri mmenemo masana a pa Nchalo, bulauzi inanyowa ngati ndagwa mu Shire. Madzi akumwa tengani anu. Chachiwiri, tili mkati motayipa magetsi anathima, kompyuta inazima nthawi yomweyo chifukwa ilibe batire, ndipo makosi a zaka ziwiri omwe tinali titalowetsa anapita onse, sanasevu. Tinayambiranso. Anayatsa kajenereta koma akatero mtengo wa kusindikiza umakwera, peji yomwe inali K300 inafika K500, akuti petulo. Izi sanandiuze poyamba, ndinazionera pa bilu. Kukhala nawo pansi kuwerengera ndi kufotokoza anatenga K2,000, kusikana K500 peji iliyonse, zonse pamodzi ndi kusindikiza zinapitirira K5,000, kuphatikizapo thiransipoti yopita ndi kubwera ku Bangula si ndalama yochepa. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, apo palibe vuto.

Chachitatu amacheza kwambiri ndipo samaika munthu mmodzi patsogolo. Tili pakati pa samu wina akabwera ndi chiphaso amadzuka kukapanga fotokope, foni ikalira amayankha mpaka mphindi zisanu mu Chisena kukambirana za mbuzi, akabwerera aiwala pomwe tinalekezera. Ine ndinapirira chifukwa ndinkaphunzirapo kanthu koma wina wachangu akhoza kutuluka.

Koma chomwe chinandivuta zenizeni ndi ichi. Atasikana transcript yanga anaisunga pa desktop pomwepo, ndipo pa desktop imeneyo panali mafayilo a anthu ambirimbiri, masatifiketi, ziphaso, makalata a chipatala, mayina ali poyera, aliyense wokhala pa kompyutayo akhoza kutsegula. Masiku ano anthu akubera anzawo mapepala nkukalowera ntchito nde zimenezi si zamasewera. Ndinawauza kuti achimwene chonde mukanditumizira mufufute, ndione ndi maso anga mpaka mu recycle bin. Anafufuta mosanyinyirika koma anaoneka odabwa, zikuonetsa kuti palibe amawauza. Mukapita tengani flash yanu kapena muwauze atumize pa imelo yanu nkufufuta muli pompo. Komanso sikani yoyamba inatuluka yaikulu kwambiri moti fomu inaikana, inkafuna fayilo yosapitirira 2MB, zinatengera iwo kuichepetsa kawiri, ulendo woyamba zilembo za katebulo kaja zinafufutika osawerengeka. Muziyang'ana fayilo musanachoke, ine ndikanapanda kutsegula ndikanakazindikira ndili kale ku Bangula.

Ngati mungandifunse kuti kodi nkoyenera kukwera minibasi kuchokera ku Nsanje boma kapena kuwoloka kuchokera ku East Bank chifukwa cha kashopu aka, ndinganene kuti ngati muli ndi laputopu kapena foni yokhala ndi Excel ndipo mwamvetsa zomwe ndalemba pamwambapa mukhoza kudziwerengera nokha pakhomo, samu yake ndi ya ku pulayimale, chovuta ndi kudziwa manambala oyenera kuikamo. Koma ngati transcript yanu ili ndi masapu, makosi obwereza, kapena munasintha pulogalamu pakati, pitani mukakhale nawo pansi, ndi munthu amene amafunsa mafunso asanayankhe ndipo mzigwa chino oterewa sindinapezepo wina, apo bii mukwere mapiri mpaka ku Blantyre. Pitani mkati mwa sabata m'mawa akangotsegula, osati Loweruka ngati ine ndiponso osati kumapeto kwa mwezi anthu akalandira. Pa 5 ndikuwapatsa 4, pa sikelo ya ku Nigeria osati ya ku Germany kkkk, imodziyo ndachotsa chifukwa cha desktop ija ndi mtengo wa jenereta.

Potuluka ndinawauza takhuta, iwo anandipatsa kapepala ka masamu kaja kuti ndikasunge. Nditafika kunyumba ndinawauza bambo anga kuti nkhani yatheka, GPA yanga ndi 3.1. Anakhala chete pang'ono nkunena kuti si zoipa mwana wanga, 3 ndi credit yabwino, ukanalimbikirako pang'ono ukanapeza 1. Ndinayesa kuwafotokozera kuti uku nambala ikakula ndiye zili bwino, iwo akuti sukulu yanji imeneyo yoyenda chafutambuyo, mpaka pano akauza anzawo kutchalitchi amati mwana wawo anapeza 3 poyinti. Fomu ndinatumiza Lachitatu lotsatira usiku cha m'ma 11 netiweki itapepuka, ndi mbali zonse ziwiri za pepala.